A Verna ndi Mayi Wofunsa Masiku

Mayi Verna Sobczak anabadwa pa 3 Febuluwale 1927 m'tauni mwathu muno mwa Ekdal, ndipo anamwalira momwemuno Lolemba pa 8 Novembala 2004. Nyuzipepala inawalembera mizere isanu ndi inayi. Inati anali mayi wamasiye, anali ndi mwana mmodzi, ndipo anagwirapo ntchito m'boma. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndinakhala nawo m'chipinda chimodzi kupolisi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ine ndikutayipa iwo akuyankha foni, ndipo ndikudziwa zimene mizere ija inasiya.

Anali mwana wachisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankagwira ntchito kufakitale ya mapepala, monga amuna ambiri a kuno. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mu 1944, analembedwa ntchito kukampani ya mafoni, masiku amene atsikana ankalumikiza mafoni ndi manja. Kumeneko n'kumene makutu awo anaphunzira anthu. Munthu akangonena kuti "halo", a Verna ankadziwa kuti ndi wakuti, ndiponso ngati wagona bwino kapena wakangana ndi mkazi wake. Anakwatiwa ndi a Stan mu 1948. Pa 12 Meyi 1958 mulu wa mitengo unagumukira a Stan kuntchito, ndipo a Verna anatsala ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi zinayi. Lachiwiri pa 1 Seputembala 1959 anayamba ntchito kupolisi.

Anali munthu wamfupi, wa magalasi olendewera pa kachingwe. Kunyumba ankalima kabichi kuseri kwa khitchini, n'kumamusunga m'mitsuko kuti asase. Lachinayi lililonse ankakasewera bolingi, masewera ogubuduza mpira kuti ugwetse timitengo, ndi amayi a kutchalitchi, ndipo ankagonja mosadandaula. Pantchito sankatsutsa lamulo. Akuluakulu ankawakonda chifukwa cha chimenecho. Ukawauza kuti nenani chakuti, ankanena chakuticho, osawonjezera kapena kuchotsa.

Lachiwiri pa 17 Okutobala 1978 kunasowa mtsikana wina woperekera zakudya m'lesitilanti ya pamsewu waukulu. Anapezeka patapita masiku awiri, atafa, mu ngalande ya m'mbali mwa munda wa chimanga. Lachitatu pa 6 Disembala kunasowanso wina, ndipo anapezeka chimodzimodzi, ataphedwa mofanana. Apa aliyense anadziwa kuti wakupha ndi munthu mmodzi. Pa 11 Disembala anakhazikitsa gulu la apolisi ofufuza asanu ndi mmodzi, n'kulipatsa chipinda cha pansi chimene kale tinkasungiramo njinga zotola. Mtsogoleri wake anali a Duane Petrak, munthu wa zaka makumi anayi, woonda, wosamwa mowa, amene anaphunzira ntchito kumzinda waukulu. Wachiwiri wawo anali a Merle Ostby, mdala wonenepa wa nthabwala, amene ankadziwa mlimi aliyense ndi ng'ombe zake zomwe. Ine ndi a Verna anatitsitsira komweko. Nambala ya foni ya a Verna analengeza pa wailesi kuti aliyense wodziwa kanthu aimbe.

Anthu anaimbadi. Sabata yoyamba yokha mafoni anapitirira mazana anayi. Apongozi ankatchula akamwini awo, anthu ankatchula anansi amene anakangana nawo za malire. Kuti zinthu zisasokonekere, a Petrak anaika lamulo. Foni iliyonse inkalembedwa pa khadi, ndipo khadilo linkaikidwa m'kabati potsata dzina la munthu wotchulidwayo, kapena galimoto, kapena malo. Foni yosatchula chimodzi mwa zitatuzi sinkalembedwa, chifukwa panalibe poiika.

"Popanda dzina palibe khadi, mayi," anatero a Petrak. "Ena akungofuna wocheza naye."

"Monga ine," anatero a Merle. "Kwathu akazi anga salankhula nane. Ndiziimba kuno, a Verna?"

"Muziimba, achimwene. Ndidzakulemberani khadi lanulanu, ndidzaliika pa agalu osokera."

Lachinayi pa 14 Disembala, cha m'ma hafu pasiti teni m'mawa, kunaimba mayi wina. Sananene dzina lake. Ankalankhula motsitsa, ngati munthu amene akuopa kudzutsa mwana. Anati nyuzipepala ikunena kuti mtsikana woyamba uja anasowa Lachiwiri, koma wina pa wailesi wanena Lachitatu, ndiye amafuna kudziwa chenicheni. A Verna anamuuza kuti linali Lachiwiri pa 17. Mayiyo anathokoza, n'kudula. Pa 19 Disembala, nthawi yomweyo, anaimbanso kufunsa tsiku la mtsikana wachiwiri. A Verna anamuuza. Anamufunsa ngati pali chimene akufuna kunena.

"Ayi, mayi. Ndimangofuna kudziwa tsiku."

Khadi sanalembe, poti lamulo linali lamulo. Koma pa nthawi ya chakudya cha masana anandiuza kuti ndi mayi yemwe uja wa Lachinayi, ndipo akuimba pa foni yoponya ndalama, pamalo pochapira zovala, chifukwa kumbuyo kunkamveka makina akuzungulira.

"Ndi mayi wa panyumba," anatero akumenya dzira. "Wazaka ngati makumi atatu ndi zisanu. Akufunsa ngati munthu amene ali ndi pepala m'manja."

Ine ndinalemba masiku awiriwo m'buku langa, monga ndimalembera chilichonse, ndipo tinapitiriza kudya.

Nyengo yachisanu inatha popanda kanthu. Amuna asanu ndi awiri anabwera okha kudzavomera kuti ndiwo anapha, ndipo onse ankanama. Mmodzi anali wa zaka makumi asanu ndi atatu, woyenda ndi ndodo. Aliyense wa iwo ankadyera ofufuza masiku awiri kapena atatu. A Petrak anayamba kumeta mosasamala, ndipo a Merle anasiya kubweretsa madonasi.

Mtsikana wachitatu kuphedwa anali Joanne Weyer, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anachoka kwa mayi ake Lachisanu pa 9 Marichi 1979 madzulo, ndipo mayi akewo anauza aliyense kuti mwana wawo wasowa Lachisanu. Anapezeka atafa pa 13. Tsiku lomwelo kunabwera nkhalamba ina yogulitsa petulo kunja kwa tauni, n'kunena kuti inamuona Joanne ali moyo Loweruka pa 10, m'ma seveni koloko m'mawa, akukwera lole yaing'ono yobiriwira. Zinadziwika kuti Lachisanu lija anagona kwa chibwenzi chake. Ndine ndinatayipa umboni wa nkhalambayo.

Madzulo ake a Petrak anatisonkhanitsa tonse, n'kutseka chitseko.

"Za Loweruka zithere m'chipinda muno," anatero. "Kunja konse akudziwa Lachisanu, ndipo lizikhala Lachisanu. Wobwera kudzavomera akati Lachisanu, timutulutsa asanakhale pansi. Wakupha weniweni yekha ndiye akudziwa Loweruka. Komanso mdala wa petulo uja amakhala yekha. Sindikufuna kukamutola mu ngalande. Tamvana?"

Tonse tinavomera. Linali lamulo lanzeru, ndipo mpaka lero ndimati linali lanzeru. Apolisi ofufuza kulikonse amasunga kanthu kamodzi m'thumba kotero.

Lachinayi pa 15 Marichi, hafu pasiti teni, foni inalira. Ndinaona a Verna akuwongoka pampando, ndipo ndinasiya kutayipa.

"Ndi ine ndemwe, mayi," anatero a Verna. "Ndakuzindikirani. Muli bwanji?"

Zimene mayiyo ananena a Verna anandiuza pambuyo pake, liwu ndi liwu. Anafunsa kuti mtsikana wa kwa Weyer anasowa liti. A Verna anayang'ana chitseko cha a Petrak, n'kuyankha monga anauzidwira.

"Lachisanu pa 9."

"Lachisanu? Mukutsimikiza kuti Lachisanu?"

"Ndi zimene talengeza, mayi."

"Ndipo onse atatu ndi munthu mmodzi?"

"Apolisi akutero."

Mayiyo anapuma mpweya wautali. Kenaka anaseka kaphwete kosakanikirana ndi kulira.

"Ambuye alemekezeke. Zikomo, mayi. Zikomo kwambiri. Sindidzakuvutitsaninso."

A Verna anachotsa foni kukhutu. Ataibwezera pamalo pake ananyamuka n'kukagogoda kwa a Petrak, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita asanaitanidwe. Chitseko anasiya chotsegula. A Merle analimo, akudya maapozi.

"Bwana, pali mayi amene waimba katatu. Safunsa china koma tsiku. Ndikuganiza kuti akufananiza masiku athu ndi masiku a munthu wina wa m'nyumba mwake. Awiri oyamba anagwirizana. Lero ndamuuza Lachisanu, ndipo wathokoza Mulungu."

"Watchula dzina?"

"Ayi."

"Galimoto? Malo?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye tili ndi chiyani, mayi Sobczak? Mayi wothokoza Mulungu. M'tauni muno alipo zikwi zitatu."

"Kuchotsapo akazi anga," anatero a Merle. "Iwo amangomudandaulira."

"Tatsekani pakamwa, akulu." A Petrak anatikita maso. "Mayi, ndikumva zimene mukunena. Koma ndili ndi makhadi zikwi ziwiri okhala ndi mayina, ndi amuna asanu. Ndikaulula Loweruka kwa aliyense wa mawu achisoni, mawa lili pa wailesi. Akaimbanso, kwezani dzanja, tiuze a kampani ya mafoni atipezere pamene akuimbira. Inu muzingomuchedwetsa. Koma tsiku ndi Lachisanu."

"Sadzaimbanso, bwana. Watsanzika."

"Ndiye kuti nkhani yake yatha."

A Verna anabwerera pampando. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kukamwa khofi wa hafu pasiti teni. Ndinkawabweretsera pa desiki, ndipo nthawi zambiri ankazizira pomwepo. A Merle, mwa iwo okha, anazungulira malo ochapira zovala anayi mwa khumi ndi amodzi a m'dera lathu. Anabwerako akuti aona amayi makumi asanu, onse a zaka makumi atatu ndi zisanu, onse otopa, ndipo mmodzi anawapatsa nsalu zoyala pabedi kuti amuthandize kupinda.

Epulo anadutsa, Meyi anadutsa. Madzi oundana a panyanja anasungunuka pa 22 Epulo. A Verna anawokera kabichi wawo pa 19 Meyi. Mwana wawo, amene panthawiyo ankakhala kumzinda wa Duluth, anabwera ndi mdzukulu pa tchuthi cha kumapeto kwa mweziwo. Kutauni anthu anayamba kunena kuti mwina wakuphayo anasamuka, ndipo atsikana anayambanso kuyenda okha pobwera kuntchito.

Lachinayi pa 21 Juni kunasowa Patrice Lindahl, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene ankagulitsa zipatso za sitiroberi pamsewu ndi mng'ono wake, ndipo tsikulo anali yekha. Anapezeka Lamulungu pa 24. A Verna ankawadziwa agogo ake a mtsikanayo, ankasewera nawo bolingi. Lolemba anabwera kuntchito nthawi yake, anayankha mafoni zana limodzi ndi makumi atatu, analemba makhadi. Chakudya chawo anabwerera nacho kunyumba chili chokulunga.

Lachiwiri pa 26 Juni foni inalira nthawi ili mphindi zisanu kupitirira hafu pasiti teni. A Verna anamvetsera, kenaka anakweza dzanja. A Merle anathamangira foni ina kukaimbira kampani. A Petrak anatuluka mu ofesi mwawo n'kunyamula foni ya pa desiki langa, imene inali yolumikizana ndi ya a Verna, ataphimba polankhulira ndi chikhatho. Ndinali pafupi moti mawu a mayiyo ndinkawamva.

"Pepani, ndinati sindidzaimbanso."

"Palibe kanthu, mayi. Ndakondwa kumva mawu anu."

"Uyu wa sitiroberi, ndi Lachinayi?"

"Lachinayi pa 21, masana."

Kunamveka makina okhaokha, akuzungulira ndi zovala. Kenaka mayiyo anayamba kulankhula mofulumira, ngati akudzilankhulira yekha.

"Koma wa mu Marichi uja linali Lachisanu. Munatero inuyo. Ndipo ndi munthu mmodzi. Lachisanu limenelo anali kutchalitchi tsiku lonse, akukazinga nsomba za Lenti. Anthu mazana awiri anamuona. Tinabwerera limodzi, anagona ndisanagone ine. Ndiye sizingatheke. Si choncho, mayi? Masiku enawo angogwirizana chabe. Amuna ambiri sagona pakhomo chifukwa cha ntchito. Mungondiuzanso kuti linali Lachisanu, ndizipita ndikayanike zovala."

A Petrak anayang'ana a Verna, n'kugwedeza mutu kuti nenani. Ndi chala cha dzanja linalo ankazunguza m'mwamba, kutanthauza kuti muchedwetseni. A Verna anavula magalasi, n'kuwasiya alendewere pachifuwa.

"Mayi, tsiku lija ndinakunamizani. Mtsikanayo anaoneka ali moyo Loweruka pa 10, m'mawa. Anaphedwa Loweruka."

A Petrak anatseka maso. Ku foni kunali zii, kupatula makina aja. Tinadikira. Ndinawerenga pa wotchi ya pakhoma masekondi makumi awiri ndi anayi. Kenaka foni inadulidwa.

"A kampani sanapeze pamene amaimbira," anatero a Merle ali kutsidya la chipinda. "Akuti panafunika mphindi zina ziwiri."

A Petrak anabwezera foni yanga pamalo pake mosamala kwambiri. Sanakweze mawu. Sanali munthu wokweza mawu.

"Mayi Sobczak, chinthu chimodzi chokha chimene tinali nacho mwachipereka kwa munthu wosadziwika dzina. Ngati ndi mkazi wake, pofika madzulo mwamunayo akhala atadziwa kuti pali amene anamuona. Mwaganizirapo za mdala wa petulo? Mwaganizirapo za mayiyo?"

"Ndaganizira, bwana. Miyezi itatu."

"Longedzani zanu. Mudzamva kuchokera kumwamba."

"Duane, mwana iwe," anatero a Merle, "taziziritsa kaye mutu."

"Inu tumizani galimoto kwa mdala uja, akulu. Tsopano lino."

A Verna anamaliza kaye makhadi atatu amene anali pa desiki, anawaika m'malo mwake. Anatenga kapu yawo, chithunzi cha mdzukulu, ndi nsapato zimene ankavala m'nyengo yamatope, n'kuziika m'katoni. Ndinafuna kuwaperekeza koma anakana, anati foni isakhale yokha. Ndinakhala pampando wawo. Basi yopita kwawo inkadutsa kamodzi pa ola, ndipo ya thwelofu koloko inali itawasiya, choncho anakakhala pa benchi ya kutsogolo kwa polisi, katoni ili pamiyendo. Pa zenera lathu la pansi tinkangoona mapazi awo.

Ya wani koloko inabwera, koma sanakwere. Anandiuza pambuyo pake kuti anangoganiza zodikira ya thu koloko. Patatsala mphindi ngati makumi awiri kuti ikwane thu koloko, anaona mayi wina atayima pafupi ndi mtengo wa mbendera. Anali wamtali, wa juzi yabuluu ngakhale kunali kotentha, ndipo m'khwapa anapanira kalendala yopindidwa, ya mtundu umene sitolo ya zakudya za ziweto imagawa pa Khirisimasi. Anayenda mpaka pamasitepe, anabwerera. Anayendanso, anabwereranso. Kachitatu anafika pa benchi.

"Pepani mayi, khomo lolowera anthu wamba ndi liti?"

A Verna anasuntha katoni, n'kumupatsa malo.

"Khalani pansi kaye. Zovala zija mwayanika?"

Mayiyo anawayang'ana, atazindikira mawu awo. Kenaka anakhala.

"Zili m'galimoto," anatero. "Zonyowa."

Dzina lake anali Ardis Torvick. Mwamuna wake, Lyle, ankakonza makina okamira ng'ombe, ndipo ankayenda m'mafamu a maboma atatu pa lole yaing'ono yobiriwira. Ardis sankamulondalonda mwamuna wake. Pa kalendala ankangolemba kamtanda tsiku limene Lyle sanadye pakhomo, kuti adziwe nyama yotsala mufiriji. Makalendala akale sankataya, chifukwa kumbuyo kwake ankalembako maphikidwe. Anatambasula ya 1979 pa katoni ya a Verna, n'kuloza pa 10 Marichi. Panali kamtanda, ndi mawu a pensulo akuti wachoka mamawa.

"Mukanandiuza tsiku lija," anatero Ardis.

"Ndikanakuuzani."

"Mwina sindikanabwera. Sindikudziwa. Mwina ndikanapeza chifukwa china."

"Mwina. Tiyeni tilowe, mwana wanga. Muli mdala wina wonenepa, ameneyo ndiye muyambe naye. Amalankhula zopanda pake koma saluma."

Analowa limodzi, a Verna atanyamula katoni yawo, Ardis atawagwira pa chigongono. A Merle atawaona anameza nthabwala imene inali pakamwa, n'kukoka mpando. Ardis anati salankhula pokhapokha mayi wa pafoni akhalepo, ndipo a Petrak anavomera ndi mutu. Ndinatayipa umboni wake kuyambira thu koloko mpaka hafu pasiti faifi, masamba khumi ndi anayi. Madzulo amenewo Ardis ndi ana ake awiri anakagona kwa mchemwali wake, mwamunayo ali ku famu ina yakutali. Lyle Torvick anamangidwa Lachinayi pa 28 Juni m'khola la ng'ombe, sipanala ili m'manja. Zimene anapeza pansi pa mpando wa lole yake sindilemba pano.

Mlandu unayamba pa 11 Febuluwale 1980. Loya wa Torvick anawapanikiza a Petrak tsiku lathunthu pa nkhani ya Loweruka. Anati apolisi ndiwo anaika tsikulo m'kamwa mwa mkazi wokwiya, ndipo umboni wa kalendala utayidwe. Woweruza anaganizira masiku awiri asanakane pempholo, ndipo masiku awiri amenewo a Petrak sanadye. Pa 29 Febuluwale Torvick anapezeka wolakwa pa imfa zonse zinayi. Anafera m'ndende mu 1996. Ardis anasamukira kumadzulo ndi ana ake, anasintha dzina, ndipo sindinamvenso za iye.

A Verna sanachotsedwe ntchito, koma pa foni sanabwererenso. Kalata yochokera kumwamba inati anaphwanya lamulo la wowayang'anira pa mlandu waukulu, zimene zinali zoona. Lolemba pa 2 Julayi 1979 anawasamutsira ku nyumba ina ya boma, pa zenera loperekera ziphaso za agalu, za usodzi ndi za ulenje. Anakhala pamenepo zaka khumi, mpaka anapuma pa 30 Juni 1989. Sanadandaule. Ankati alenje ndi anthu osavuta, amanama za kukula kwa nyanga basi. Pa mwambo wopereka mendulo kwa gulu la ofufuza sanaitanidwe, ndipo tsikulo anali kumunda kwawo akupha mbozi. Kubolingi anasiya kupita, chifukwa agogo a Patrice Lindahl ankapitabe. Palibe anawauza agogowo za foni ya pa 15 Marichi, ndipo a Verna ankati sangathe kuwaombera m'manja akagwetsa timitengo tonse, iwo akudziwa zimene akudziwa.

A Petrak anali mlenje. Chaka chilichonse mu Novembala ankafunika chiphaso chosakira agwape, ndipo zenera linali limodzi lokha. Zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba ankatuma a Merle. Koma a Merle anamwalira pa 4 Ogasiti 1986, ndipo pa 14 Novembala chaka chomwecho a Petrak anabwera okha. Ine ndinalipo, nditabweretsera a Verna mitsuko yawo yopanda kanthu. Anayima pamzere ngati wina aliyense, chipewa chili m'manja. Tsitsi linali litayera.

"Mayi Sobczak."

"Bwana Petrak. Cha agwape?"

"Cha agwape."

A Verna analemba dzina ndi adiresi osafunsa. A Petrak anayang'ana kumbuyo, anaona kuti pamzere patsala ine ndekha.

"Ndakhala ndikufuna kunena," anatero. "Za mtsikana wa kwa Lindahl. Lamulo lija linali langa. Musamalisenze inu."

"Lamulo linali lanu, bwana. Pakamwa panali panga."

"Mukanakana mu Marichi, ndikanakuchotsani mu Marichi."

"Ndikudziwa. Bwenzi nditangofika pa zenera lino msanga ndi miyezi itatu." Anadinda chiphaso, n'kuchiuzira kuti inki iume. "Chaka chino akuti agwape aakazi musawombe. Sainani apa."

A Petrak anasaina, anapinda chiphasocho n'kuchiika m'chikwama. Anayima pang'ono ngati pali china, koma kumbuyo kunali kutafika bambo wina ndi galu wamkulu wosamva, ndipo a Verna anali atatenga kale fomu ina.